Injini ndi Ngolo za a Tonsepamodzi

9 Meyi

Madamu wanga,

Ndine bambo ako, ndikulankhula kudzera m'dzanja la amako, amene akhala pano pabenchi ya makasitomala atakwinya nkhope ngati ndawapempha impso. Kuno tili bwino. Makina anga ometera aja ayambanso kuluma anthu kukhosi, koma anthuwo akubwerabe, pajatu sabwerera tsitsi, amabwerera pakamwa pangapa. Kaya iwe uli bwanji kumeneko?

Chipitireni kusukulu imene akoleji anakutumiza kukayeserera uphunzitsi, sitinamve kanthu kogwirika. Foni ija sindiifuna. Munthu ndikangoti ndiyale nkhani, mayunitsi atha, nkhani yadukira m'chiuno. Nawenso pafoni umangoti "zili bwino, Ababa," ngati kumbuyo kwako kwaima wapolisi. Lemba kalata. Upatse a Dalaivala a basi yobiriwira ija, amadutsa pageti ya sukulu yanu ndipo mutu wawo ndimausamala ndine.

Undiuze zonse. Ana ake ndi otani? Amene akukuphunzitsa ntchitoyo ndi munthu wamtundu wanji, amayenda bwanji, amatsokomola bwanji? Ine m'kalasi sindinalowemo, ndinangosuzumira pawindo n'kuthamangitsidwa. Ndiye ukhale maso anga.

Ine bambo ako.

Amako ndine tsopano. Usawalembere zambiri, ukuwadziwa. Nsapato zakuda zija zasiya kukuluma?

17 Meyi

Okondedwa Ababa ndi Amayi,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Inenso ndili bwino, nsapato zagonja.

Mwafuna nkhani, nayi. Masabata oyambawa sindikuphunzitsa. Lamulo la kukoleji ndi loti ndikhale kumbuyo kwa kalasi, ndizionerera mphunzitsi wokhwima pantchito, nditolepo nzeru. Andipatsa kalasi yachisanu, ya abambo ena amene ana amawatcha a Tonsepamodzi. Dzina lenileni ali nalo, koma linachita dzimbiri.

Kaphunzitsidwe kawo ndi aka. Amaima pabolodi ndi kandodo, n'kunena theka la liwu, ana n'kumaliza. "Madzi akawira amasanduka nthu...?" Ana onse, "Nzi!" Iwo, "Sindinamve! Tonse pamodzi!" Ana, "NZI!" mpaka malata kunjenjemera. Apo iwo amamwetulira ngati adyetsa mtundu wonse wa anthu. Nthawi yopuma ndinafunsa kamtsikana kamene kanakuwa kuposa onse kuti nthunziyo n'chiyani, anaionapo? Kanangoyang'ana zala zakumiyendo mpaka belu kulira.

Kalasiyo anaigawa ngati lole. Mizere yakutsogolo amati injini, yakumbuyo amati ngolo. Lachisanu lililonse kuli mayeso. Ana amasinthana makope, iwo amawerenga mayankho, ana amachongerana okhaokha. Kenako amaitana dzina limodzilimodzi, mwana aimirire atchule zimene wapeza, anzake akumva. Wapeza zambiri, kuinjini. Wapeza zochepa, "Nyamula katundu, kakwere ngolo!" anzake akuwomba m'manja ngati pali ukwati. Makope a kuinjini amawatsegula ndithu, n'kuwadutsitsa cholembera chofiira. A m'ngolo amangowaunjika mulu, n'kulemba "Ndaona" pakope lapamwamba lokha, ngati kuonako kumatsikira kokha mpaka lapansi.

Ine mpando wanga uli m'ngolo momwemo, ndiye ndikudziwa zimene ndikunena. Kumeneko dzuwa likalowa pawindo bolodi imangonyezimira, choko sichioneka. Kuseri kwa khoma kuli kalasi ina, nayo ikukuwa zake. Mwana akalowa m'ngolo, atulukamo bwanji? Ndinawauza mwaulemu. Anati, "Madamu, ngolo isamafune kuona msewu, izingotsatira."

Chinanso. Kukamabwera alendo oyendera sukulu, a m'ngolo onse amawatuma kukazula udzu kuseri kwa zimbudzi, kuti m'kalasi mutsale owala okhaokha. Akuti nanenso adzandichitira chisomo chimenecho tsiku limene mayi wa kukoleji adzabwere kudzandionerera ndikuphunzitsa. Ndakana. Ndawauza kuti ine ndidzaphunzitsa ana onse, ndipo ndidzafunsa mmodzimmodzi monga anatiphunzitsira kukoleji, chifukwa chikhamu chimabisa osadziwa. Anaseka mpaka kugwira desiki.

Vuto langa ndi limodzi. Malikisi anga theka adzapereka mayi wa kukolejiyo, theka lina a Tonsepamodzi omwewa. Akandimana, chaka chonse chapita m'madzi, ndikabwereze. Ndiye pamaso ndimangoti "eya, bambo," kuseka ndimasekera m'mimba.

Izi zikhale za m'nyumba, Ababa. Ndikunena inu.

Mwana wanu.

24 Meyi

Madamu,

Moni wa kuno. Kalata yako yafika, amako andiwerengera mpaka ndaiika yonse m'mutu. Wati zikhale za m'nyumba. Ndamvera. Koma nyumba yanga ine masana ili kuti? Si pano pometera? Denga lilipo, chitseko chilipo.

Mwana iwe, wandipatsa nkhani yonona! Loweruka benchi itadzaza ndinatenga chipeso ngati kandodo, ndinakankha mimba kutsogolo, ndinati, "Tsitsi likagwa timasesa ndi tsa...?" Amuna akuluakulu andevu zawo, "Che!" Ine, "Sindinamve! Tonse pamodzi!" Anakuwa mpaka a Telala a khomo loyandikana nafe kudzibaya ndi singano. Kenako ndinawagawa. Atsitsi lodzaza ndinawaika kuinjini, adazi onse m'ngolo, pafupi ndi ndowa ya zinyalala. Mkulu wina amene ankagwira ntchito ya ukalaliki anakwiya, amvekere, "Ifetu tinaphunzira choncho, ndipo tinakhala anthu." Ndinamuuza kuti n'zoona, n'chifukwa chake mpaka lero akayamba chiganizo amadikira wina amumalizire. Wapita ndi mutu wometa mbali imodzi, koma abwera.

Amene yamukomera kwambiri ndi Kondakitala wa basi yobiriwira ija. Anandibwerezetsa mpaka a Dalaivala kumuimbira hutala.

Tsopano anthu akufuna zina. Mimba ija ndinangopeka, ali nayo? Nanga akamati "kakwere ngolo," amaloza ndi ndodo kapena ndi mlomo? Zinthu zimenezi n'zofunika, usamazisiye.

Ine bambo ako.

Amako. Ndinawaletsa. Ndalemba zonse monga anenera kuti udzionere wekha.

1 Juni

Ababa,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinu bambo anga.

Lachitatu a Tonsepamodzi anaima pageti ndi Ahedi, akucheza. Basi yobiriwira inatulukira. Kondakitala wanu uja anatulutsa mutu ndi phewa pawindo n'kukuwa, "A Tonsepamodzi! Kwerani bwana, m'ngolo muli malo!" Basi yonse kufa nako kuseka. Ngakhale Ahedi anatembenuka kuyang'ana mpanda, mapewa akugwedezeka.

Chichitikireni zimenezo bamboyu sakulankhula. Amalowa, amaphunzitsa, amatuluka. Ndikuopa kuti adziwa kumene kwachokera utsiwu.

Mayi wa kukoleji abwera pa 19 mwezi uno. Ndinakuuzani kuti theka la moyo wanga lili m'thumba la malaya a munthu ameneyu. Inu simungamete munthu mwakachetechete ngati ometa ena?

Amayi, agwireni.

Mwana wanu.

5 Juni

Kwa Aphunzitsi a kalasi yachisanu,

Moni bambo, ndi moni kubanja lonse. Simundidziwa. Ndine bambo wa mtsikana amene akuphunzira ntchito m'manja mwanu, ndine wometa. Ndamva kuti mwakhumudwa, ndiye ndati akuluakulu tikambirane tokha, mwana asavutike.

Kondakitala uja musamuwerengere, ndi wopanda mwambo. Iye anamva kwa ine. Mwana wanga sanauze munthu aliyense, anangouza ine, m'kalata, ndipo ananeneratu kuti zikhale za m'nyumba. Ndiye mukuona kuti ndi mwana waulemu.

Zoti mumachonga kope lapamwamba lokha, ananena ndithu, koma sananene mwachipongwe, anangodabwa luso lake. Zoti alendo akamabwera mumabisa ana kuseri kwa zimbudzi, ine ndinakuikirani kumbuyo pamaso pa anthu ambiri. Ndinati inenso kukabwera oyendera zaukhondo thawulo lakuda ndimalikhalira. Zoti amakusekerani m'mimba, imeneyo ndi mimba yake, inu simungamve kanthu, musavutike nazo. Za mimba yanu ndinapeka ndine, iye sanaitchule.

Tsono paja akuti iye angathe kuphunzitsa a m'ngolo, kuwafunsa mmodzimmodzi, zimene inu zakukanikani zaka zonsezi. Umenewo ndi ubwana, bambo. Sukulu ikachuluka m'mutu imatupitsa munthu. Mukhululukireni, mumupatse malikisi ake. Tsiku limene mudzadutse kuno mudzamete ulere, ndevu zomwe.

Ine wometa, mnzanu pa ntchito ya mitu.

8 Juni

Mwana wanga,

Ndine amako, ndikulemba ndekha, abambo ako sakudziwa. Uli bwanji? Ukudya?

Khala pansi. Abambo ako alembera kalata aphunzitsi ako aja, yopepesa. Ine ndinakana kugwira cholembera, ndiye anapita kwa a Telala, amene anawalembera n'kuwonjezera ndi maluwa m'mbali. Ndamva kwa akazi a Telalawo, amene andiuza zonse zili m'menemo akupukuta misozi yakuseka. Mwana wanga, palibe chimene anasiya.

Ndiye lero m'mawa a Dalaivala abweretsa kakalata kako kena kaja, kamene unalemba pa 3, koti wafufuza, bamboyo akuganiza kuti ndi ana a m'kalasi anauza Kondakitala, iwe sakukuganizira n'komwe, tisachite kalikonse. Akuti kanagwera pansi pa mpando, akapeza posesa. Kalata ya abambo ako ndiye sanaigwetse ayi, anakaipereka m'manja.

Nditawawerengera abambo ako kakalata kakoko, amvekere, "Chabwino, bola wamva kwa ine, ine ndimaikonza nkhani." Ndinatuluka kuti ndisachimwe.

Amako.

21 Juni

Okondedwa Amayi, ndi Ababa ngati alipo,

Ndili moyo. Mwafuna kudziwa mmene zathera, ndikuuzani, ndipo Ababa mumve bwino chifukwa ndi ntchito ya manja anu.

Kalata yanu a Tonsepamodzi anaiwerengera muofesi ya aphunzitsi, ine ndili pomwepo ndikulemba ndondomeko ya phunziro. Anaiwerenga pang'onopang'ono, anaipinda bwinobwino, anaiika m'thumba. Kenako anati, "Madamu, tiyi mwamwa?" Kuyambira tsiku limenelo ulemu wake unali woopsa. Kundigwirira chitseko, kundisungira choko chatsopano. Kukalipa kukanakhala bwino.

Pa 19 ndinalawirira. Phunziro langa linali la mmene mvula imapangikira. Ndinabwereka fulasiki ya madzi otentha ndi mbale yachitsulo, kuti ana aone ndi maso awo nthunzi ikukwera, ikugunda mbale yozizira, ikusanduka madontho. Ndinakonza mafunso, lililonse ndi mwana wake.

Ndikulowa m'kalasi, mizere yakutsogolo mbee, mulibe munthu. Injini yonse anaitumiza kuchipinda china, akuti kukakonzekera mpikisano wa mafunso. Anatsala a m'ngolo okhaokha. A Tonsepamodzi anandiweramira pamaso pa mayi wa kukoleji n'kunena kuti, "Madamu athuwa amakonda ana awa, ndipo ali ndi njira yawo yatsopano. Ndati ndisawapingepinge." Anauza anawo kuti asunthire kutsogolo. Ana aja anakhala pamadesiki a injini chokhala cham'mphepete, zikwama zili pamiyendo, ngati anthu odikira dokotala. A Tonsepamodzi anakakhala kumbuyo pambali pa mayiyo, manja atapinda.

Ndinati palibe kanthu, si zimene ndinkafuna? Ndinatsegula fulasiki, nthunzi inakwera bwinobwino. Ndinaloza mnyamata wina n'kumutchula dzina. "Ukuona chiyani apa?" Anaimirira, anayang'ana pansi, anati, "Ziwiri, Madamu." Anatchula malikisi ake a Lachisanu. Pajatu ana amenewa dzina lawo limatchulidwa pa chinthu chimodzi chokha.

Ndinamukhazika. Ndinatchula kamtsikana kaja ndinakuuzani, kokuwa kuposa onse. Ndinakafunsa mofatsa, ndikumwetulira. Amayi, kanaimirira, kananyamula chikwama chake, n'kuyamba kuyenda kupita kumbuyo. Palibe anakauza. Kanangodziwa kuti dzina lako likamveka, chotsatira ndi ngolo. Kanakakhala pamalo pake pakale, pafupi ndi mapazi a mayi wa kukoleji.

Ndinayesa wachitatu, wachinayi. Zii. Ndinkamva kalasi yakuseri ikukuwa zake. Mayi wa kukoleji anayang'ana wotchi, anayang'ana pawindo kumene kunali galimoto yomudikira, cholembera chake chitagona papepala ngati chafa. A Tonsepamodzi ankayang'ana kudenga, akuwerenga mabowo a malata. Ndinaona chaka changa chikutuluka pakhomo.

Ndiye ndinangomva pakamwa panga pakulankhula pokha. "Madzi akawira amasanduka nthu...?"

"Nzi!"

Ndinati, "Sindinamve!" Ndinanenadi, Amayi. "Tonse pamodzi!"

Malata ananjenjemera. Ana aja nkhope zinamasuka ngati abwerera kwawo. Pamenepo cholembera cha mayi uja chinadzuka n'kuyamba kuthamanga. Ndinapitiriza choncho mpaka belu. "Nthunzi ikazizira imapanga mita...?" "Mbo!" "Mitambo ikalemera imagwetsa mvu...?" "La!" Fulasiki inali pomwepo patebulo ikufuka yokha, madontho akugwa kuchokera pambale, popanda mwana ndi mmodzi yemwe woiyang'ana.

Potuluka mayi wa kukoleji anandigwira dzanja. Akuti kalasi yamoyo, ana onse atenga mbali, akhala akuyenda m'masukulu ambiri koma mphamvu ngati imeneyi ndi yosowa. Ameneyotu ndi mayi yemwe uja anatiphunzitsa chaka chatha kuti chikhamu chimabisa osadziwa. Anathamangira galimoto yake, anali ndi sukulu zina zoti akaone dzuwa lisanapendeke.

A Tonsepamodzi anandipatsa malikisi onse, osachotsapo ngakhale limodzi. Anasaina ine ndikuona. Kenako anatenga kandodo kawo kaja n'kundiika m'manja. "Mwafika tsopano, Madamu. Mukapereke moni kwa abambo anu. Muwauze kuti ulere uja ndaumva."

Ndakhoza. Musandiyamikire. Ana ayamba kale kunditcha Tonsepamodzi Wamng'ono.

Mwana wanu.

29 Juni

Madamu weniweni tsopano,

Moni wa chisangalalo! Wati tisakuyamikire, koma ine ndayamikira kale msewu wonse. Ukuona? Kalata yanga ija inagwira ntchito. Amako akundiyang'ana moipa, koma alembe.

Ndiye tamvera izi. Loweruka benchi itadzaza, ndili pakati pa nkhani yako ya fulasiki, pakhomo panaima bambo wina wamtali, woonda ngati mpini wa tsache, mimba alibiretu. Anati, "Ndabwerera ulere wanga." Ndinadziwa pomwepo. Anakhala pampando, ndinamukulunga nsalu, anandiyang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Pitirizani nkhani ija, bambo. Ndamva kuti mumanditha bwino." Ine ndinaona kuti munthu wophunzira ngati ameneyu afunika kumumeta mosamala, ndiye ndinaika nzeru zonse pamakina. Si kuti ndinachita mantha.

Nditamaliza anadziyang'ana uku ndi uku, anaimirira, anatembenukira kubenchi. Anakweza chala chimodzi. "Munthu akakuchitira zabwino umati ziko...?" Benchi yonse, adazi ndi atsitsi omwe, "Mo!" Iye, "Sindinamve!" Ndipo anayang'ana ine.

Munthu uja ntchito yake amaidziwa, tisanamizane. Ubwere ndi kandodoko, ndikufuna ndikaone.

Ine bambo ako.

Amako. Abambo ako anameta mutu wonse ndi ndevu osatulutsa liwu, koyamba chikwatiraneni. Ndipo "mo" wachiwiriyo anakuwa ndi iwowa, kuposa onse, makina ali m'manja.

Wakhoza, mwana wanga, ndipo ndagona tulo. Koma kalata yako ndaiwerenga kangapo, pali pamene sindikupapeza. Kamtsikana kaja kananyamula chikwama n'kupita kumbuyo, alipo anakaitana kuti kabwerere?